Mapu a chotupa cha nsagwada: mbiri ya khansa ya Burkitt ndi kachilombo kake

Mpaka cha m'ma 1950, madokotala ambiri a ku Ulaya ndi ku America ankaona ngati nkhambakamwa zoti kachilombo ka mtundu wa vairasi kangayambitse khansa mwa munthu. Peyton Rous anali atasonyeza kale mu 1911 kuti vairasi imayambitsa chotupa mwa nkhuku, koma anzake ankangoti izo n'za nkhuku, moti mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1966 atakalamba. Chimene chinatembenuza maganizowa chinayambira m'wodi ya ana pachipatala cha Mulago ku Kampala, ndi m'misewu yafumbi ya kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ya Nyasaland, Malawi wa lero, ili momwemo. Nkhaniyi anthu amakonda kuidula mwachidule, amvekere: kunapezeka khansa ya ana, kenako kunapezeka kachilombo koiyambitsa, basi. Kafotokozedwe kotero kamabisa phunziro lenileni. Kachilomboko, kotchedwa Epstein-Barr kapena EBV, kali m'thupi mwa akuluakulu 9 pa 10 alionse padziko lapansi, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Umboni umene wasonkhana kuyambira 1958 ukuloza kwina: kachilomboka sikayambitsa khansa pakokha. Ntchito yake yaikulu ndi kupulumutsa selo lowonongeka limene linayenera kufa, ndipo mpata wochitira zimenezi kamaupeza malinga ndi kumene mwana wabadwira ndi kukulira.

Denis Burkitt anali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Enniskillen ku Ireland, munthu wa diso limodzi chifukwa cha ngozi ya paubwana, amene anafika ku Uganda mu 1946. Mu 1957 mnzake Hugh Trowell anamuitana kuti adzaone kamnyamata ka zaka 5 kamene nsagwada zake zinatupa mbali zonse zinayi, m'mwamba ndi m'munsi, kumanja ndi kumanzere. Chotupa chotere chimakula maso akuona. Mano amagwedera n'kumayang'ana uku ndi uku, usinini umafufuma, pakamwa sipatsekeka, ndipo chikalowera m'mwamba chimakankha diso mpaka kutong'oka. Patapita milungu yochepa Burkitt anaona mwana wina wotero ku Jinja, ndipo uyu anali ndi zotupa m'mimbanso. Atafufuza m'mafayilo akale anapeza kuti zotupa za m'nsagwada, m'impso, m'chiwindi ndi m'mabasiketi a mazira a ana aakazi, zimene zinkalembedwa ngati matenda osiyanasiyana, zinali nthenda imodzi. Mu 1958 anafalitsa lipoti la ana 38, ndipo posakhalitsa Gregory O'Conor ndi Jack Davies a ku Makerere anatsimikiza kuti inali limfoma, khansa ya maselo oyera amene amateteza thupi. Nthendayi sinali yachilendo ayi. Zolemba za Albert Cook, amene anatsegula chipatala cha Mengo mu 1897, zinali ndi ana odwala mofananamo. Chatsopano chinali funso limene Burkitt anafunsa, lakuti kodi nthendayi imapezeka kuti, nanga imalekezera pati.

Poyamba anasindikiza timapepala ta zithunzi za ana odwalawa n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse, kufunsa ngati anaonapo zotere. Mayankho anajambula lamba wodutsa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kumwera m'mbali mwa nyanja ya mchere ya kum'mawa. Pofuna kuona malire a lambayo ndi maso, mu Okutobala 1961 Burkitt ananyamuka ndi madokotala awiri a mishoni, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Anayenda milungu 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, nalowa m'zipatala zoposa 50 kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia mpaka Johannesburg. Paliponse ankaonetsa zithunzi, kufunsa anamwino ndi madokotala, ndi kuvundukula mabuku a odwala kuti adziwe mudzi umene mwana aliyense anachokera. Ku Nyasaland anapeza kuti odwala ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha za mitsinje, osati kumtunda kozizira. Chimodzimodzinso m'mapiri a Rwanda, Burundi ndi Kigezi, kumene anthu ndi ochulukana kwambiri, chotupachi chinali chosowa. Pafupi ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi malire ake anali mamita 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo ankatsika munthu akamalowera kumwera. Zinaoneka kuti chenicheni sichinali phiri koma kuzizira: kumene kumazizira kupyola madigiri 15 nthendayi inkasowa. Ulendo wina wa kumadzulo kwa Africa unawonjezera mvula, chifukwa kumadera ouma, kolandira mvula yosakwana mamilimita 500 pachaka, kunalinso kopanda chotupachi.

Khansa yotsata kutentha ndi chinyontho inali chinthu chodabwitsa, ndipo akatswiri a ku Entebbe, motsogozedwa ndi Alexander Haddow, anaona kuti mapu ake akufanana ndi mapu a tizilombo toluma. Choncho panabadwa ganizo lakuti udzudzu, kapena kachilombo kena kouluka, kamanyamula vairasi yoyambitsa khansa. Ganizoli linali lolakwika, koma ndi limene linasonkhezera kusakako. Pa 22 Malichi 1961 Burkitt anakamba nkhani pachipatala cha Middlesex ku London, ndipo mwa omvera munali Anthony Epstein, amene ankafufuza vairasi ya nkhuku ya Rous ija. Anagwirizana kuti tizidutswa ta zotupa tizitumizidwa pandege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri Epstein sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga n'kukatera ku Manchester, ndipo kabotolo kokhala ndi kachidutswa ka chotupa cha mtsikana wa zaka 9 kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Aliyense akanati mwalowa mabakiteriya, n'kukataya. Epstein anaika dontho pa maikulosikopu, napeza kuti mbuu uja anali maselo amoyo a chotupa amene anasasuka ndi kugwedezeka kwa ulendo n'kumayandama. Iye ndi Yvonne Barr anawaweta ali choyandama chomwecho, ndipo anaswana. Mu Febuluwale 1964, pa maikulosikopu yamphamvu ya ma elekitironi, anaonamo tizilombo ta banja la herpes. Lipoti la Epstein, Barr ndi Bert Achong wa ku Trinidad linatuluka mu magazini ya Lancet pa 28 Malichi 1964.

Chisangalalo sichinakhalitse, ndipo apa ndi pamene pagona chitsutso choyamba, chimene mpaka lero n'chomveka. Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia anapanga njira yoyezera magazi kuti aone amene anagwidwapo ndi kachilomboka. Ana onse a chotupa cha Burkitt anali nako, inde, koma ana athanzi a ku Africa analinso nako, ngakhalenso akuluakulu ambiri a ku America kumene chotupachi n'chosowa. Mu 1967 wogwira ntchito wina mu labotale yawo, amene magazi ake analibe chizindikiro cha kachilomboka, anadwala nthenda ya zilonda zapakhosi, kutentha thupi ndi kutupa anabele imene imagwira achinyamata a kumayiko olemera, ndipo atachira chizindikiro chija chinaonekera. Zinadziwika tsopano kuti kachilomboka kamayenda m'malovu, osati mwa udzudzu. Kuno kwathu mwana amakatenga ali wakhanda, pompsompsonedwa kapena podya chimene wamkulu walawa, ndipo sadwala n'komwe. Ndiye wina angafunse kuti, ngati kali ponseponse, tingakaimbe bwanji mlandu wa khansa ya dera limodzi? Mwina kanangopezeka m'chotupamo mwangozi. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Kachilomboka kakathiridwa pa maselo oyera mu labotale, maselowo amaswana osaleka. Mu 1970 Harald zur Hausen anapeza DNA yake m'kati mwa maselo a chotupa. Ku West Nile ku Uganda, kuyambira 1972, gulu la Guy de-Thé linatenga magazi a ana athanzi 42,000 n'kuwasunga, ndipo pofika 1978 ana 14 amene anadzadwala chotupachi anapezeka kuti zizindikiro za kachilomboka zinali zokwera mwa ambiri a iwo kalekale asanadwale. Pambuyo pake zinaonekanso kuti maselo onse a chotupa chimodzi amakhala ndi kachilombo kochokera ku kholo limodzi, kusonyeza kuti kanalowa m'selo loyambalo chotupa chisanayambe.

Kuti timvetse zimene kachilomboka kamachita, tiyenera kudziwa moyo wa maselo a B, amene amapanga asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda. Thupi likalowedwa ndi mdani, maselowa amasonkhana m'anabele ndi m'kapamba, amaswana mofulumira, ndipo amadula ndi kusokanso dala DNA yawo pofuna kupeza chida chogwira bwino mdaniyo. Ntchito yodulayi imachitika ndi puloteni yotchedwa AID. Ndi ntchito yoopsa, n'chifukwa chake thupi linaika lamulo lolimba: selo limene lasoka molakwika, kapena limene silinalandire chilolezo kwa maselo ena oyera otchedwa a T, limadzipha lokha mwakachetechete. Maselo ochuluka zedi amafa chonchi tsiku lililonse, ndipo imfa yawo ndiyo chitetezo chathu. EBV imalowa m'maselo a B omwewa n'kumalankhula chinenero chawo. Puloteni yake ya LMP1 imanamizira chilolezo chochokera kwa maselo a T, ya BHRF1 imafanana ndi puloteni yathu yoletsa selo kufa, ndipo ena a banja la EBNA3 amatontholetsa jini yotchedwa BIM imene imalamula imfa. Cholinga cha kachilomboka si khansa, koma kupeza pobisala moyo wonse. Mwa munthu wathanzi maselo a T amapha msanga maselo ogwidwa amene akuswana, ndipo amatsala ochepa chabe, ali phee. Umboni wa ulonda umenewu umaoneka ukachotsedwa. Anthu oikidwa impso kapena mtima wa munthu wina, amene amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo, nthawi zina amatuluka limfoma ya EBV, ndipo mankhwalawo akachepetsedwa ena chotupa chimaphwa. Edzi itabuka m'zaka za m'ma 1980, malimfoma anachulukanso chimodzimodzi.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Limfoma ya Burkitt imapezekanso, ngakhale mwa apo ndi apo, ku Ulaya ndi ku America, ndipo kumeneko odwala ambiri zotupa zawo zilibe EBV, pamene kuno pafupifupi zonse zili nayo. Ngati nthenda ingabwere popanda kachilomboka, kodi kachilomboka n'kofunika? Chimene zotupa zonsezi zimafanana chinapezeka m'makromozomu. Mu 1972 George Manolov ndi Yanka Manolova anaona kuti kromozomu 14 ya maselo a chotupa ndi yotalika modabwitsa, mu 1976 Lore Zech anasonyeza kuti chidutswa chowonjezeracho chimachokera ku kromozomu 8, ndipo mu 1982 magulu a Carlo Croce ndi Philip Leder anapeza kuti pachidutswapo pali jini ya MYC, imene imalamula selo kukula ndi kugawikana. Ikasamukira pafupi ndi majini opangira asilikali a m'magazi, amene m'selo la B sapuma, MYC nayo sipumanso. Koma pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: MYC ikapyola muyezo, selolo limadzipha. Ngozi ya kromozomu payokha nthawi zambiri imathera pomwepo, m'selo limodzi lakufa. Kuti chotupa chibadwe pafunika chinachake chotseka njira ya imfa. Kwa mwana wa ku Ulaya chinthucho chimakhala ngozi zina za m'majini, monga kuwonongeka kwa jini ya p53, zimene zimachitika mwakamodzikamodzi. Kwa mwana wa kuno kachilomboka kamagwira ntchito imeneyo kwaulere. Ndiye chitsutsochi sichigwetsa mlandu wa EBV, koma chimatiuza bwino mbali yake: ndi njira yachidule yofikira pamene selo lopanda kachilombo limafika movutikira.

Mapu aja tsono akufunabe yankho, pakuti kachilombo kopezeka paliponse sikangajambule lamba wotsata kutentha ndi mvula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Gilbert Dalldorf anatchula malungo, ndipo pofika 1970 Burkitt mwini, pamodzi ndi George Kafuko wa ku Uganda, anali atavomereza. Udzudzu unalimo ndithu m'nkhaniyi, koma katundu wake anali wina. Chotupachi chinali chosowa ku Zanzibar ndi ku Kinshasa, malo otentha ndi amvula koma kumene malungo anali atachepetsedwa, pamene chinapezeka chochuluka m'zigwa za Papua New Guinea, kutali ndi Africa, kumene malungo sapereka mpata. Kafukufuku wa ku Gambia mu 1984 anasonyeza kuti mwana akamadwala malungo maselo ake a T amalephera kulonda EBV. Ku Kenya kunapezeka kuti makanda a kufupi ndi Kisumu, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, amagwidwa ndi kachilomboka msanga ndipo amakhala nako kochuluka m'magazi kuposa anzawo a kumapiri a Nandi. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa ana a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti ana okhala ndi zizindikiro zokwera za malungo ndi za EBV zonse pamodzi anali pachiopsezo choposa kakhumi poyerekeza ndi okhala ndi zotsika. Ndipo malungo obwerezabwereza amatakasa maselo a B kosalekeza, n'kuchulukitsa AID, puloteni yodula DNA ija, motero mwayi woti MYC isamuke umakula. Monga mphika sukhazikika pa fuwa limodzi, chotupa cha ana a kuno chimakhala pa mafuwa atatu: malungo amene amachulukitsa ngozi ndi kufooketsa alonda, ngozi ya kromozomu imene imalamula kuswana, ndi kachilombo koletsa imfa.

Wokayika ali ndi chonena chachitatu, ndipo tiyenera kumumvera. Ana mamiliyoni a m'mbali mwa nyanja zathu ali ndi kachilomboka ndipo amadwala malungo kangapo pachaka, koma odwala chotupachi ndi ochepa pa ana 100,000 alionse. Komanso pamene m'boma la North Mara ku Tanzania anayesa kugawira ana mankhwala a chloroquine kuyambira 1977, chotupacho chinachepadi, koma kuchepako kunali kutayamba kale mankhwalawo asanafale, choncho mayesowo sanathetse mkangano. Ena afufuzanso zinthu zina za m'malo omwewa, monga utomoni wa nkhadze, umene mu labotale umadzutsa kachilombo kogona m'maselo, koma umboni wake sunafike pa wa malungo. Kusowa kwa nthendayi sikutsutsa zimene tanenazi, chifukwa fuwa lapakati lija ndi ngozi yeniyeni. Kromozomu iyenera kuduka pamalo oyenera, m'selo limene lili kale ndi kachilombo, pa nthawi imene alonda afooka. Malungo ndi EBV sizisankha mwana, zimangochulukitsa mipata ya tsoka. Umboni wina wochokera ku chibadwa ukuthandiza pano: ku Uganda kunapezeka kuti ana obadwa ndi jini imodzi ya sikoselo, imene imateteza ku malungo aakulu, sadwala chotupachi kawirikawiri ngati anzawo. Jiniyo sidziwa za nkhadze kapena za umphawi wa banja, imangokhudza malungo. Kachilombo ka HIV kakuperekanso umboni wofanana, chifukwa limfoma ya Burkitt imakonda kubwera chitetezo chisanagwe kwenikweni, pamene maselo a B akutakasidwa usana ndi usiku.

Kufulumira kumene kumachititsa chotupachi kukhala choopsa ndi komwenso kumachifooketsa. Maselo ake amatha kuwirikiza m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo poti amakhala kale m'mphepete mwa imfa, mankhwala owononga DNA amawagwetsa msanga. Kuyambira 1960 Burkitt ndi Herbert Oettgen ku Kampala, Peter Clifford ku Nairobi ndi Victor Anomah Ngu, dokotala wa ku Cameroon amene ankagwira ntchito ku Ibadan, anaona nkhope zopunduka zikubwerera m'malo m'masiku owerengeka atapereka methotrexate kapena cyclophosphamide, ndipo ana ena anachiriratu ndi jakisoni mmodzi kapena awiri. Mu 1967 ku Kampala kunatsegulidwa malo ochizira limfoma amene anakula kukhala Uganda Cancer Institute, ndipo mtsogoleri wa dzikolo, Amin, atathamangitsa alendo, Charles Olweny anasunga ntchitoyo m'zaka zovuta. Zimene anaphunzira pa ana a ku Africa zinathandiza kupanga njira zamphamvu zimene lero zimachiza ana pafupifupi 9 pa 10 alionse kumayiko olemera. Njira zimenezo zimafuna magazi okwanira, mankhwala amphamvu ophera mabakiteriya ndi anamwino ambiri, ndipo mwana wonyentchera sangazipirire popanda zimenezi. N'chifukwa chake ku Blantyre Elizabeth Molyneux ndi anzake, mogwirizana ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, anakonza njira zofupika ndi zopepuka, zimene zinkapulumutsa ana pafupifupi theka. Limfoma ya Burkitt yakhala kwa nthawi yaitali khansa yofala kwambiri mwa ana m'Malawi, ndipo mpata wa pakati pa theka ndi 9 pa 10 suchokera m'maselo koma m'chuma, m'mitunda yopitira kuchipatala ndi m'kuchedwa.

Pambuyo pa EBV panapezeka tizilombo tina tokhudza malimfoma, monga HTLV-1 mu 1980 ndi kachilombo ka khansa ya Kaposi mu 1994, ndipo tonse timatsata dongosolo lomwelo: ogwidwa ndi ambiri, odwala khansa ndi ochepa, ndipo kusiyana kwake kumadalira msinkhu wogwidwira, mphamvu ya chitetezo ndi matenda ena amene munthu wasenza. Izi zili ndi tanthauzo pa zimene tingachite. Katemera wovomerezeka wa EBV kulibe mpaka pano, ndipo kuletsa mayi kupsompsona mwana wake n'kosatheka komanso kosafunika. Ngozi ya kromozomu sitingailamule. Malungo okha ndiwo ali m'manja mwathu. Neti yogonamo, mankhwala operekedwa tsiku loyamba la kutentha thupi, ndi katemera wa malungo amene Malawi inayamba kupereka mu 2019 pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, ziyenera kuwerengedwa ngati zida zolimbana ndi khansa ya ana, ndipo amene amawerenga odwala khansa ayenera kumayang'ana ziwerengero zawo boma ndi boma, moyerekeza ndi za malungo, kuti tidziwe ngati chotupachi chikubwerera m'mbuyo. Kwa ana amene chawagwira kale, chofunika ndi changu. Mwana wa zaka zapakati pa 4 ndi 9 amene tsaya kapena mimba ikutupa tsiku ndi tsiku, mano akugwedera popanda chifukwa, asataye milungu akuzulidwa mano kapena akutemeredwa mphini pomuganizira kuti walodzedwa. Wazaumoyo wa pachipatala chaching'ono akamutumiza sabata yomweyo kuchipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central, amakhala atamupatsa mwayi waukulu wochira, chifukwa pa khansa imeneyi sabata imodzi yochedwa imakwanira kuti chotupa chiwirikize kangapo.